Benchi la Ba Edwell

Inali sabata yachitatu Rex atakhala pa benchi lomwelo, kope pamwendo, maso ali pa kagolosale ka tsidya lina la msewu. Anthu onse a ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, ankati kagolosale kameneko ndi "kwa mu Rwanda". Rex, wophunzira wa digiri yachiwiri wokulira kumayadi, ankaona kuti mwayi wamugwera: wothawa nkhondo mmodzi, eni dera ambirimbiri, ndiponso pokhala pamthunzi.

Kusukulu madzi anali atafika m'khosi. Dokotala Kalaba, mayi amene ankayang'anira kafukufuku wake, anali atamubwezera mapepala kawiri.

"Mutu wako ndi wabwino, kukhalirana kwa othawa kwawo ndi eni dera," anatero mayiwo. "Koma zimenezo udzazidziwa bwanji? Lachisanu ndione njira yomveka. Apo ayi, chaka chino sumaliza."

Njira zinalipo zambiri, ndipo Rex anazikana zonse ndi matama a munthu amene wangowerenga mabuku atatu. Mapepala a mafunso? Anthu amangochonga kuti uwachokere pakhomo. Kucheza ndi mmodzimmodzi? Amakuuza zimene akuganiza kuti ukufuna kumva. Ukawasonkhanitsa pagulu, wolongolola mmodzi ndiye amalankhula, ena onse akudikira zoziziritsa kukhosi. Iye anasankha kuonerera chete, osafunsa munthu kanthu. "Pakamwa pamanama, maso sanama," ankatero. Mawuwa anali ake omwe, ndipo anawakonda zedi mpaka anawalemba pachikuto cha kope.

Benchilo linali la Ba Edwell, mdala wa imvi amene ankaswera pomwepo akusewera drafuti ndi zitsekerero za mabotolo, mulu wa makiyi ukulendewera palamba. Ana asukulu ankawapatsa moni, amayi opita kumsika ankawasungitsa katundu, ndipo Chinyanja chawo chinali cha m'komboni chenicheni. Rex anawalemba patsamba loyamba: "Mwini dera weniweni."

"Manje ba Rex, bwanji osabafunsa chabe banthu?" anafunsa Ba Edwell tsiku lina.

"Ba mudala, ivi ni vamasukulu. Nikafunsa, banthu bazachinja makhalidwe."

Ba Edwell anangogwedeza mutu, n'kudya zitsekerero ziwiri za mnzawo.

Ndipo maso a Rex anaonadi zinthu. Wogulitsa m'golosalemo anali mwamuna wamtali, wosalankhulalankhula, amene anthu ankamutcha Bornwell. Rex sanavutike nalo dzinalo: othawa kwawo amatenga mayina a kuno kuti asaonekere. Pambali pa golosaleyo pankakhala Ba Kafula, mayi wogulitsa tomato, amene mawu awo ankaposa hutala ya minibasi. M'mawa uliwonse, Bornwell akangotsegula, mayiwo ankayamba.

"Iwe, ukali kuno? Bwelela kwanu! Lusaka si yako!"

Akatero ankapisa dzanja m'botolo la maswiti, n'kuponya imodzi m'kamwa, osasiya ngakhale ngwee. Bornwell ankangomwetulira. Rex analemba: "Kumwetulira kwa mantha."

Chimene chinamupweteka kwambiri chinali cha masana. Dzuwa likafika paliwombo, Bornwell ankaoloka msewu ndi botolo lozizira, n'kupereka kwa Ba Edwell ndi manja awiri. Mdalayo ankalandira ngati n'zake. Ngakhale Ba Edwell, munthu wabwino chotere! Rex analemba kuti: "Mlendo amagula mtendere kwa akuluakulu a m'dera." Anadula mzere kunsi kwake, kenako anamwa theka la botololo, chifukwa Ba Edwell anali atamugawira ndipo kunkatentha.

Lachitatu la sabata yomalizayo, Bornwell anabwera atavala zakuda. Ankachokera kumaliro a amalume ake, monga anthu ankanenera. Asanalowe n'komwe, Ba Kafula anadzuka ndi botolo la paudala, n'kumukhuthulira kumutu mpaka anayera mbuu. Anthu anafa nacho chiseko. Munthu woferedwa! Rex anamva chisoni chenicheni, tisamunamizire. Koma pansi pa chisonicho panali kachimwemwe kochititsa manyazi, poti kafukufuku wake anali atadzilemba yekha.

Lachinayi m'mawa anatumiza zonse kwa Dokotala Kalaba pafoni, tsiku loikidwa lisanafike, kuti mayiwo adziwe kuti akuchita ndi munthu wotani. Masamba makumi awiri, mutu wake "Chidani Chobisika M'chiseko". Kenako anapita kukatsanzika pa benchi paja. Chikumbumtima chinamuuza kuti mdalayo ayenera kumva choonadi, ngakhale chowawa. Anatsegula kope, anakonza kukhosi, n'kuwawerengera zonse: zonyoza, maswiti, paudala, ngakhale za botolo lija.

Ba Edwell anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anaseka mpaka kutsokomola, zitsekerero zikugwera pansi.

"Mwatuma kale ku sukulu?"

"Kuseni kwamene kuno, ba mudala."

"Mayo! Bornwell ni mu Ngoni wa ku Chipata, ba Kafula ni ba Bemba. Ni chimbuya chabe ico, mitundu ibili iyi imasekana so mpaka pamalilo." Anapukuta misozi, n'kuliza makiyi aja. "Shopu ija ni yanga, mwana wanga. Mu Rwanda wamene musakila ndine. Masabata yatatu mwankala pa benchi yanga, simunanifunseko olo kamozi kwamene ninachokela."