Chipinda Chimene a Kamanga Anakhoma Zaka Zisanu ndi Chimodzi

Panali munthu wina ku Kabushi, kuno ku Ndola, dzina lake a Kingsford Kamanga, amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki ku mgodi. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mayi wina wopemphera nawo mpingo umodzi.

Akazi awo, amayi Deborah, anali telala. Atamwalira, abale anasonkhana kuti agawane zovala monga mwa mwambo. A Kamanga anakana. Anatenga madiresi, zitenje, nsapato, yunifomu ya Mvano, makina osokera, ngakhale tinsalu totsala posoka, n'kuziunjika m'chipinda china, n'kukhoma. Kiyi ankayenda nayo m'thumba. Nyumbayo inali ya zipinda zogona ziwiri zokha.

Mlongo wawo, a Esme, anawalangiza kangapo.

"Achimwene, zinthuzi zikungowonongeka. Apatseni anthu avale."

"Achemwali, musandiyambe. Za Deborah palibe azigwira ine ndili moyo."

Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa chitseko chili chokhoma. Ngakhale eni ake sankalowamo, ankaopa kuti alira.

Chaka chatha mu June, mwana wawo Lorna anabwera kuchokera ku Kitwe, ukwati utatha, ali ndi ana awiri ndi zikwama zake. Wamng'onoyo, mtsikana dzina lake Bupe, amadwala mphumu. Onse atatu ankagona pabalaza.

Tsiku lina Lorna anawagwadira bambo ake.

"Adadi, titsegulireni chipinda chija. Pasimenti pakuzizira, mwana akungotsokomola."

"Chimenecho ndi chipinda cha amayi ako."

"Amayi anga ali kumanda, Adadi. Ine ndili pano."

A Kamanga anangonyamula chipewa n'kutuluka. Patatha masabata awiri, Lorna anamanga katundu wake n'kupita ku Kawama, kukapanikizana ndi mnzake m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Pasanapite nthawi, Bupe anabanika ndipo anagonekedwa m'chipatala.

A Esme anatulukira ku Kabushi m'mawa, osapereka ndi moni womwe.

"Achimwene, mdzukulu wanu ali kuchipatala. Tsegulani chitsekocho, ndione chimene munathamangitsira mwana."

A Kamanga anatsegula. Fungo la nkhungu linawabweza m'mbuyo. Denga linkadontha pakona zaka zonsezo, ndipo chiswe chinalowera pansi n'kudya mabokosi. Ananyamula chitenje chimene anawagulira akazi awo pa chinkhoswe, chinangoyoyoka m'manja. Makoswe anali ataswera mu yunifomu ya Mvano. Zithunzi zinamatana, nkhope zosaoneka.

Bambowo anakhala pansi pomwepo. Analira nthawi yaitali. Kenako anapukuta maso nati, "Ine ndimati ndikusunga. Kani ndimaweta chiswe ndi makoswe, mdzukulu wanga akugona pasimenti."

Chimene anthu a ku Kabushi amawapatsira ulemu mpaka lero ndi zimene anachita atatero. Ena akanakhomanso chitsekocho chifukwa cha manyazi. Iwo Lamulungu anaimirira m'tchalitchi pa nthawi ya zolengeza, chikhalirecho ndi mkulu wa mpingo, nati, "Abale, ndinaumitsa mutu, ndinalakwira mwana wanga. Amayi nonse munkamudziwa Deborah, bwerani kwathu Loweruka m'ma 10."

Lowerukalo anatulutsa panja zonse zimene zinapulumuka, n'kuziyala pamphasa. Chilichonse ankachipereka ndi manja awo, akunena kumene chinachokera.

"Juzi iyi ankavala popita ku maliro nyengo yozizira. Tengani, mayi, muzivala. Musakaiike m'bokosi ayi."

Makina osokera anali atangochita dzimbiri pang'ono. A Kamanga anaitana amayi Gwen, mayi wamasiye amene malemuwo anawaphunzitsa kusoka, koma analibe makina awoawo.

"Awa ndi anu. Athireni mafuta, alirenso."

Amayi Gwen anagwada, misozi ili mbwembwembwe. Chinyanja chinawathawa, anangothokoza m'Chibemba kuti, "Natotela, mukwai."

Zowola zonse anazitentha kuseri kwa nyumba, iwo eni atagwira mtengo wosonkhezera. Anangosunga zinthu ziwiri: buku la nyimbo la akazi awo ndi chithunzi chimodzi chimene chinatsala bwino.

"Zokhazi basi?" anafunsa a Esme.

"Zakwana, achemwali. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinakhala naye. Palibe chiswe chingadye zimenezo."

Sabata yotsatira anakonzetsa denga, anathira mankhwala a chiswe, anapaka penti, n'kulowetsamo bedi. Atatha anakwera minibasi ya ku Kawama. Anapeza Lorna akuchapa panja, Bupe atatuluka m'chipatala, atakhala pambali pake. Bambo wamkuluyo anavula chipewa pamaso pa anthu onse a pamenepo.

"Mwana wanga, ndinalakwa. Ndabwera kudzakutengani."

Lorna anangowayang'ana, manja ali m'thovu. Bupe ndiye anaimirira n'kuwagwira dzanja.

"Agogo, ndiye ndikagona pati?"

"Pabedi, mdzukulu wanga. M'chipinda mwako."

Lorna anatsanula madzi aja, n'kulowa m'nyumba kukamanga katundu.

Phunziro: Kukonda munthu amene anatisiya sikutanthauza kukhomera katundu wake mpaka awole. Sungani chimodzi kapena ziwiri, zinazo perekani zikadali zabwino, ndipo musalole kuti mabokosi alande malo a anthu amoyo. Mukazindikira kuti munalakwa, limbani mtima ngati a Kamanga, kapepeseni lero. Musaisunge nkhaniyi mufoni mokha, itumizeni kwa abale ndi anzanu, mwina wina ali ndi chipinda chofunika kutsegula.