Madzi a Pachitsime cha a Petulo

"Zaka zonsezi ku yunivesite, kukaphunzira kusuzumira m'zimbudzi za eni ake?" A Petulo anaseka mpaka kutsokomola. "Ana a anzathu uinjiniya wawo ndi wa misewu ndi magetsi. Wathuyu ndi injiniya wa zimbudzi!"

Yankho, mwana wa mlongo wawo, anangopinda tepi yake yoyezera. Atamaliza maphunziro a uinjiniya wa zachilengedwe, bungwe lina linamulemba ntchito yoyendera zitsime za ku Golomoti, ndipo cha amalume akewo chinali kumunsi kwa chimbudzi, pafupi zedi.

"Amalume, dothi la kuno n'lamchenga. Mvula ikagwa, za m'chimbudzimu zimatsikira m'chitsimemu."

"Tamumvani! Dzana lomweli timakumina mamina, lero uzindiphunzitsa kumwa madzi?"

Anaitanitsa madzi a mumtsuko. Akazi awo, a Fagness, anabwera nawo m'chikho, ndipo a Petulo anagugudiza pamaso pa anthu onse amene anabwera kudzaonerera, n'kunyambita milomo monyoza.

"Chikumbireni chitsimechi ndimamwa omwewa. Ndinatsegulapo m'mimba ine? Digiri yakoyo ukakolezere moto."

A Fagness analandira chikho chija mwaulemu, n'kunyamula ndowa.

"Nanga inu mukupita kuti ndi ndowa, chitsime chili pompa?"

"Kumjigo, abambo, madzi akumwa a mumtsuko aja mwatsiriza. Yankho anandichenjeza musanamalize n'kukumba komwe. A pachitsime chanuwa ine ndimangochapira matewera."