Wazula Ndani?

Atelala anali atakumba bwalo lonse ngati nguluwe, koma chizindikiro cha boma chosonyeza malire osachipeza. Pansi pa mgwafa, pamene anthu akale ankati chinali, panangotuluka mizu. Manja atachita matuza, anaponya khasu n'kukhala pa mwala wa pakhomo, uja amapondapo polowa m'nyumba.

Nkhani yake inali yotere. Boma lisanagulitse malowa linasiya mpata wodutsa paipi yaikulu ya madzi, n'kulamula kuti pamenepo pasamangidwe kanthu. Wogula woyamba ankadziwa. Wachiwiri, kaya. Atelala anali achitatu, ndipo amene anawagulitsa anatsikira kulichete kalekale.

"Lamulo limatsata malo, bambo, silitsata munthu," anatero mayi woyeza malo, akukulunga chingwe chake. "Chizindikiro chikanapezeka pamene anachizika, mukanangotaya mpanda. Popanda icho, timayeza kuchokera pakati pa msewu."

Muyeso wa kumsewuwo unadutsa m'chipinda chogona n'kukatulukira pamene pamakhala makina osokera. Nyumba yomanga njerwa imodziimodzi, ndi thukuta la zigamba za mathalauza a anthu! Mtima unawapweteka atelala, moti analakalaka nthaka itangowameza.

Wozula ankamudziwa. Angakhale ndaninso, kupatula makanika wa kuseri kwa mpandayu? Munthu wosaona chitsulo n'kuchipitirira. Ameneyo ngakhale msomali wa pabokosi la maliro akhoza kuuzula. Atelala anali asanachionepo chizindikirocho, koma m'mutu mwawo chinali mzati wachitsulo wolembedwa za boma, ndipo mzati wotero makanika sangaugonere tulo.

"Aneba, Mulungu akuoneni!" anakuwa. "Mwandigwetsera nyumba chifukwa cha kachitsulo kokagulitsa pasikelo!"

Makanika anasuzumira, anapukusa mutu, n'kubwerera kunsi kwa galimoto.

M'nyumba, mayi a kunyumba ankamanga mbale m'nsalu. Kulira anali atamaliza dzulo. Ndi iwo amene anazunzika nawo malowa chaka chimene anafika, mvula ikagwa matope mpaka pachitseko, kufikira amuna awo atawamvera chisoni n'kuwapezera popondapo. Lero zonsezo zinali kupita ndi fumbi.

Mayi woyeza uja anabwera kudzatsanzika, ndipo atelala anadzikoka n'kuimirira. Ulemu sugula nyumba, koma anali atauzolowera. Mayiyo sanawayang'ane kumaso. Maso ake anali pamene iwo anakhala. Anawerama, n'kupukuta fumbi ndi chala. Mwalawo unali wa simenti, ndipo pakati pake panatulukira kamutu ka chitsulo.

"Bambo, mwala uwu munautenga kuti?"

"Uwu? Ndinaukumba ndekha pansi pa mgwafa apo," anatero atelala. "Unangokhala m'dothimo, wopanda ntchito."