Tsiku Limene Abwana Anabereka Dengu

"Amayi, kodi abwana awachotsa ntchito?" anafunsa Madalo popita kusukulu, ataona a Namakhwa, manijala wa esiteti, atabereka dengu m'munda wa tiyi.

Sanawachotse. Anali atangobwera kumene kuchokera ku semina ku Blantyre, komwe anaphunzira kuti mtsogoleri weniweni amakhetsa thukuta limodzi ndi anthu ake. Anasankha mzere wa Esteri, mayi ake a Madalo.

Tiyi amathyola kunsonga kokha, masamba awiri ndi kamphukira. Abwana ankangopulula ndi manja onse, masamba okalamba ndi timitengo tomwe. Dzuwa litayamba kuswa mtengo, anakhuthulira zonse m'dengu la Esteri.

"Ndakuthandizani, mayi."

"Zikomo, bwana," anatero Esteri.

Kusikelo, kalaliki anapisa dzanja m'dengumo. "Mayi, mwabweretsa tiyi kapena nkhuni?"

A Namakhwa anatulukira atasamba kale, tayi pakhosi. Ananyamula kamtengo kamodzi n'kupukusa mutu.

"Zamanyazi! Si ndakuonetsani ndekha kathyoledwe kake? Mukabwerezanso, ntchito yatha, nyumba ya kampani mutulukemo. Ndiye mawa ndibweranso, mpaka muphunzire."

Madzulo Esteri anakhala pakhonde atagwira tsaya. Rosie wa khomo loyandikana, wothyola tiyi mnzake, anasuzumira pampanda.

"Musadandaule, anzanga. Mawa ndikawagwadira abwana kuti adzandiphunzitse ineyo. Zimene athyolezo ndikabisa m'chitenje, mbuzi yanga sisankha."

"Mukunena zoona?"

"Ndalumbira. Koma mkuja ndi anu."