Dalitso la Ester

Mayi Faines ankapukuta milomo ya Bambo Isake ndi kansalu konyowa pamene mkuluyo anawagwira dzanja.

"Ester, mwana wanga, wabwera?"

Mayi Faines sanali Ester. Iwo anabwera ku chipatala cha Mtengowanthenga kudzadwazika mlamu wawo, ndipo anangoona kuti pa bedi lina pagona bambo osaona, tenanti wa ku esiteti ya fodya, opanda wowadikirira. Kuyambira pamenepo ankawamwetsa phala ndi kuwachapira zofunda. Ester anauzidwa pafoni kwawo ku Mulanje, koma sanabwere.

Namwino amene ankasintha diripi anafuna kuwauza bambowo zoona. Mayi Faines anamuyang'ana n'kupukusa mutu.

"Ndinadziwa kuti sunganditaye," anatero Bambo Isake. "Mulungu akudalitse, Ester."

Mumtima mwa Mayi Faines munabwera kamaganizo koti awauze bambowo dzina lawo lenileni, kamodzi kokha, kuti dalitsolo ligwere pa iwo. Koma anangokasiya kamaganizoko mpaka kanadutsa. Anaviikanso kansalu m'beseni n'kukafinya.

"Ameni, ababa," anatero. "Dzutsani mutu, mumwe madzi."