Maungu a pa Dzenje la a Mackson

Panali bambo wina ku Chileka, dzina lawo a Mackson, nthawi ija munthu sumalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Amene anandiuza nkhaniyi akuti madzi a chitsime cha m'mudzimo anamwako.

A Mackson ankagwira ntchito kubwalo la ndege, ndipo anasirira zimbudzi zamadzi za kumeneko. Anamanga galaja, pomwe ngakhale njinga analibe. "Galimoto idzapeza nyumba yake ilipo kale," ankatero. M'galajamo anaikamo chimbudzi chothira ndi ndowa, ndi sinki pambali. Pulambala sanamufune. Mapaipi anachita kuzembetsa kuntchito, ndiye masiku amenewo sumadziwa amene angakakunenere.

Mapaipiwo anali aafupi. Anangofika padzenje lakale loumbira njerwa, kumtunda pang'ono kwa chitsime chimene mabanja onse ankatungapo.

Neba wawo Che Amadi, wogulitsa nsalu ku Lirangwe, anawapeza akukwirira.

"Bambo a Enifa, zotuluka m'galajamo zizithera kuti?"

"M'dzenjemu, Che Amadi."

"Nanga likadzaza? Chitsimetu chili kumunsi kwanuku. Kumbani lina kuseri uko."

"Kuseriko ndi thanthwe lokhalokha. Inu dziwani za nsalu. Za ndege ndi zimbudzi tisiyireni ife."

Anavindikira dzenjelo ndi malata, n'kuthira dothi, n'kubzala maungu pamwamba. Maunguwo akuti anakula moti mbuzi inkabisala kuseri kwa dzungu limodzi, eni ake n'kumaifuna tsiku lonse. Anthu ankachokera ku Mdeka kudzapempha mbewu.

Mvula itakhazikika, akazi awo a Rosemary anabwera kuchitsime nkhope ili gwa.

"Bambo, madziwa akumveka kafungo ka kugalaja."

"Ndi masamba owola amenewo. Sefa ndi kansalu, usauze munthu."

A Mackson ankadziwa ndithu. Koma kunena kukanabweretsa a zaumoyo, a zaumoyo akanafukula, n'kuona mapaipi aja.

Sipanapite nthawi, ana m'mudzimo anayamba kutsekula m'mimba. Che Amadi anakweza ana awo panjinga n'kuthamangira kuchipatala. A Mackson anazengereza, kuopa kufunsidwa za madzi. Pamene ankavomera, Enifa, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali atafooka kale. Anathera kumsana kwa mayi ake, chipatala chikuonekera apo.

Matabwa a bokosi anasowa. Anazula chitseko cha galaja n'kukhomera bokosi momwemo, pafupi ndi sinki. Che Amadi anabwera ndi nsalu yoyera ya mumpukutu wawo, n'kuipereka m'manja mwa a Mackson.

Chitsime chija anachikwirira. Maungu aja anawolera pomwepo, ngakhale mbuzi sinawakhudze. Galimoto mpaka lero sinabwere.

Phunziro: Paipi siithera pamene maso ako athera. Usanakwirire, funsa amene akumwa kumunsi kwako, ndipo ukalakwitsa nena msanga mwana asanamwe. Atumizireni abale anu onse amene amati zonse amazitha okha.