Arepa za pa Zitsime Zotsekedwa

"Tisinthane malo, mlamu," anatero Yoleida akumwetulira. "Kwanu kuja n'kutali, ndipo miyendo yanuyi yatopa."

Griselda, mkazi wa mchimwene wake, anavomera mosakayika. Onse awiri ankagulitsa arepa, timikate ta chimanga, kwa ogwira ntchito pa zitsime za mafuta m'tauni ya El Tigre, koma mzere wa makasitomala a Griselda unkamudya moyo Yoleida. Chomwe Yoleida sanaulule n'chakuti zitsime za kumalo kwake zinali pafupi kutsekedwa, poti mayiko ogulitsa mafuta anali atagwirizana zochepetsa migolo yopopa.

Kumalo atsopano a Yoleida mzere unalipo ndithu, koma mapampu sankapuma, anthunso chimodzimodzi. Munthu ankagula kamodzi kokha n'kumadya akuthamanga.

Patatha milungu iwiri, Yoleida anapita kukazonda mlamu wake, mawu opepesa atakonzeratu. Anapeza mabenchi atatu atadzaza amuna akumenya masewera a domino, Griselda ali pamoto thukuta lili kamukamu.

"Kodi zitsimezi sanatseke?" Yoleida anafunsa kapitawo wa pamalopo.

"Anatseka, mayi, koma ife sanatichotse. Akuti tizikhala tcheru, tsiku limene adzafune mafuta ambiri tidzatsegule pompopompo. Ndiye m'mawa timathira girisi m'makina, kenako n'kudya basi mpaka kuweruka."

Griselda atamuona Yoleida anakuwa ndi chimwemwe.

"Mlamu, Mulungu akudalitseni! Mwabwera bwino, ndimasowa munthu wonditsukira mbale."